Kwa bambo a Tadala, za Lachinayi likubwerali

Bambo a Tadala, wapamtima wanga,

Musadabwe kuti ndikukulemberani kalata chonsecho timafunda bulangete limodzi. Ndayesapo kangapo kuti tikambirane pakamwa, koma mukudziwa momwe zimathera. Madzulo maso anu amakhala akulemera ndi tulo, anganso chimodzimodzi. M'mawa mwana walira, madzi osamba akuzizira, minibasi zikudzaza pa siteji. Tsiku lija tinayamba bwinobwino, koma tinakathera pa mlandu wa amene anaiwala kugula mayunitsi a magetsi. Ndiye ndati ndilembe, pepala silingandidule mawu.

Mtima ukhale m'malo, si nkhani ya ankhoswe. Amalume anu asavutike kukwera basi kuchokera ku Mchinji.

Nthawi ino ndi 2 koloko usiku. Ndangomaliza kumuyamwitsa Tadala, wagonanso chala chili m'kamwa, inu mukuliza mkonono ngati chigayo cha dizilo. Ndayang'ana nkhope zanu ziwirizo m'kati mwa neti, chipumi chomwecho, milomo yomweyo, mpaka ndaseka ndekha. Kusenza mimba miyezi 9 ine, mwana n'kutengera inu chilichonse mpaka zala za kumiyendo. Chilungamo chake chili pati pamenepa?

Ndiyambe ndi kuthokoza, kuopa mungati mayi uyu amangoona zolakwa. Nditachira kumapeto kwa Januwale munakapempha tchuthi kuntchito. Amuna ambiri sadziwa n'komwe kuti lamulo la ntchito linasintha mu 2021, kuti bambo nayenso amapuma milungu 2 mwana akabadwa, malipiro osadulidwa. Ena amadziwa koma amachita manyazi kupempha. Inu munapempha, anzanu akukusekani kuti kodi woyamwitsa ndinu. Sindinaiwale.

Sindinaiwalenso usiku wa katemera wa milungu 6, thupi lake litatentha, akulira mosatonthozeka. Munandiuza kuti ndigone. Munayenda naye pabalaza, uku ndi uku, mukumuimbira nyimbo za kwaya zimene mawu ake simuwadziwa bwino, mpaka atambala analira kwa aneba. Ndinkamva zonse, ndinangonamizira kugona kuti ndisakusokonezeni. Usiku umenewo ndinati mumtima, Mulungu sanandinamize pa mwamuna uyu.

Nanga vuto lili pati? Lili pa mawu awiri amene mumawanena ndi mtima wabwino zedi: "Ndikuthandizeni chiyani?"

Mukandifunsa choncho ndimayenera kuima, kuganiza, kusankha ntchito imodzi, kukufotokozerani kumene kuli sopo, kumene kuli beseni, kenako n'kudzathokoza. Pofika pamenepo ndimaona kuti bola ndingochita ndekha. Mlendo ndiye amafunsa choncho, a Phiri. Alamu anu akabwera Loweruka amafunsa choncho, ndipo ndimawayamikira. Koma inu si mlendo pakhomo pano.

Manja anga satopa kwambiri ayi. Chimene chatopa ndi mutu. M'mutu muno muli golosale yathunthu: matewera ouma atsala angati, ufa wa phala ufika Lachisanu kapena ayi, nsinjiro zatha, makala atsala theka la thumba, neti yabooka pakona ya kumiyendo, malipiro a mtsikana wolera mwana ndi pa 28, tsiku la sikelo ndi liti, kajuzi kaja kayamba kumuthina m'khosi. Ndikakhala pa desiki kuntchito, manambala a abwana ali pa kompyuta, manambala a nyumba ino ali kuseri kwa maso. Sazima, ngakhale m'tchalitchi.

Ndikufunseni mwachikondi. Silver Strikers ili ndi mapointi angati mu ligi? Mwayankha kale musanamalize kuwerenga. Nanga Tadala analemera makilogalamu angati mwezi watha? Musachite manyazi, ndikuuzani: 8.1. Mutu umene umasunga zigoli za nyengo yathunthu, wosewera aliyense ndi nambala ya jezi yake, sungalephere kusunga nambala imodzi ya mwana wake. Sunapatsidwe ntchitoyo basi, ndipo pena wolakwa ndine. Ndifikako.

Tiyeni tiwerenge masiku, poti inu mumakhulupirira masamu. Lamulo linandipatsa milungu 8 ya uchembere. Anzanga a m'boma amapuma miyezi 3, ife a m'makampani ndi milungu 8 basi, pokhapokha abwana akhale achifundo. Mwana wa milungu 8 khosi silinalimbe, ndiye ndinaphatikizapo masiku onse 15 a tchuthi changa cha pachaka. Ndinabwerera kuntchito mu Epulo ndilibe tsiku ndi limodzi lomwe lotsala.

Kuyambira pamenepo tsiku lililonse la sikelo ndimakagogoda kwa abwana ngati wopempha mchere. Mwezi woyamba anamwetulira. Wachiwiri anati chabwino. Mwezi wathawu sanadzutse n'komwe mutu, anangoti, "Mwanayo alibe bambo?" Ndinaseka nawo, koma ndinatuluka nkhope ikuyaka. Masiku anu 15 akadali osakhudza, mukuwasungira Khirisimasi ku Mchinji.

Za mkaka sindinakuuzeni zonse. A zaumoyo amati kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6, osampatsa ngakhale madzi, ndipo ndinatsimikiza mtima kuti nditero. Lamulo lomwe lija limalola mayi kukayamwitsa theka la ola, kawiri pa tsiku. Amene analemba anafuna zabwino, koma sanakwerepo minibasi kuchoka ku Old Town kupita ku Area 25. Theka la ola limatha kondakitala akuitanabe anthu mu depoti.

Ndiye ndinkafinya. Kuofesi kwathu kuli kachipinda kosungira mapepala, chitseko chake chilibe loko. Ndinkakhala pa katoni, phazi limodzi litatsamira chitseko, kapu ili pa bondo, ndikufinya ndi dzanja uku ndikuyang'ana chithunzi chake pa foni kuti mkaka utsike. Wina akakankha chitseko ndinkakhosomola mwamphamvu kuti adziwe kuti muli munthu. Kabotolo ndinkakakulunga m'jumbo yakuda n'kukabisa mu furiji kuseri kwa zakudya za anthu. Tsiku lina msonkhano unatalika, mkaka n'kudutsa bulauzi pamaso pa amuna 6. Ndinadziphimba ndi fayilo mpaka kutuluka.

Mukukumbukira Lamlungu lija la mu Juni magetsi anazima usiku wonse ndi tsiku lonse? Ndinataya mabotolo atatu mu sinki. Munandipeza ndikulira, inu n'kunena kuti, "Musalire, tingogula wa m'chitini." Ndikudziwa munkafuna kunditonthoza. Koma mabotolo atatu amenewo anali masiku awiri a pa katoni paja. Ndinkangofuna mundigwire paphewa, munene kuti pepani, mwavutika. Basi.

Tsopano za amayi. Ndiyankhule mosamala, chifukwa apongozi anga ndimawakonda, ndipo anandichitira zimene mayi anga, ndi miyendo yawo yovuta ija, sakanatha. Anandithowa msana ndi madzi otentha milungu iwiri. Anandiphunzitsa kusambitsa khanda loterera ngati mlamba. Thobwa lawo ndimalilotabe.

Koma atabweranso mu Meyi, Tadala ali ndi miyezi 3 ndi theka, anati mwanayu akulira njala, mkaka wa m'kapu si chakudya, apatsidwe phala lamadzimadzi. Anati ana awo onse anakula choncho, ndipo taonani bambo akeyu mmene alili. Ndinayang'ana kwa inu. Inu munadzuka n'kunena kuti mukukagula mayunitsi a foni. Munatenga ola lathunthu, a Phiri, chonsecho wogulitsa ali pa geti pomwepa.

Mukudziwa bwino kuti ine sindingatsutsane ndi apongozi maso ndi maso. Ndikanena ine, ndi mwano wa mkazi wa m'tauni. Mukanena inu, ndi mwana wawo akuwafotokozera zimene a chipatala amanena masiku ano, kuti matumbo a khanda sanakhwime, kuti phala ndi madzi zimalowetsa tizilombo totsegula m'mimba, kuti mwana akakhuta phala amayamwa pang'ono ndipo mkaka umachepa. Mawu atatu okha ochokera kwa inu akanakwana. Ndinachita kunamizira kuti adokotala anatiletsa chifukwa cha vuto lina la mwanayu, bodza limene ndikulapabe mpaka lero.

Nkhani ya mu Ogasiti ndiye imandidzutsa usiku. Tadala anayamba kutsegula m'mimba m'mawa, pofika masana liwombo lalowa, maso alowa, akulira popanda misozi. Mtsikana anandiimbira kanayi, foni ili m'chikwama, ine ndili mu msonkhano. Amayi a kuseriku anamuuza kuti asadandaule, ndi mano akumera. Ndinaona mafoniwo 2 koloko, ndinafika kunyumba 3 koloko itadutsa, ndikupemphera njira yonse. Inu munali ku Kanengo, mphindi 10 pa njinga yamoto.

Nditamufunsa mtsikanayo chifukwa chimene sanakuimbireni, anayang'ana pansi n'kuti, "Ndimaopa abambo." Nambala yanu ali nayo. Koma pa miyezi yonseyi mawu amene mwamuyankhulapo ndi oti madzi osamba atentha kapena ayi. Simuli waukali, ndikudziwa, mumangosunga ulemu. Koma iye amaona kuti za mwana ndi za amayi, abambo savutitsidwa. Mwamwayi tinathamangira kuchipatala nthawi ikadalipo, Thanzi ORS ndi timapiritsi ta zinki zinamubweza. Mapaketi ena ali m'kabati ya pamwamba, kumanzere. Paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa ozizira. Chonde dziwani zimenezi inunso.

Ndipo mukhale naye pansi mtsikanayu, mumuuze ndi pakamwa panu kuti chikachitika aimbire amene ali pafupi. Muzimufunsako madzulo kuti mwana wadya bwanji. Kodi mukudziwa kuti nayenso ali ndi mwana wa zaka 3 amene anamusiya kwa amayi ake ku Dowa? Amalera wathu kuti wake adye. Ndikamuona akumupsompsona Tadala pachipumi ndimadzifunsa kuti akuganiza za ndani. N'chifukwa chake malipiro ake sindifuna azichedwa ngakhale tsiku limodzi, ndipo Lamlungu ndi lake, ngakhale kubwere alendo.

Ndikuululireni china chochititsa manyazi. Ndimamuchitira nsanje. Tadala anayamba kukwawa Lachiwiri, 10 koloko m'mawa, ine ndinaonera pa WhatsApp ngati mlendo. Sabata yatha ndinafika madzulo, ndinatambasula manja, iye n'kutembenuka kukakamira khosi la mtsikana. Nditakuuzani munati, "Ndiye kuti akumusamala bwino." Zoona zake n'zomwezo. Koma ndinakalirira kubafa, mpopi ndikuutsegula kuti musamve.

Mwina n'chifukwa chake munandifunsa tsiku lija kuti bwanji ndingosiya ntchito. Ndinakhala chete, lero ndiyankhe. Tengani pepala, mulembe lendi, magetsi, madzi, makala, thiransipoti, ndalama ya mankhwala a amayi, fizi ya mlongo wanu wa Fomu 3. Chichokereni pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndi chinthu chiti pamsika chimene chinabwerera mtengo wakale? Malipiro anu okha angatifikitse pa 15, kenako tiziyenda kwa akatapila.

Koma ngakhale ndalama zikanakwana, ntchito yanga ndimaikonda, ndipo sindikufuna kuchita manyazi ponena zimenezi. Bambo anga anagona panja pa okushoni ku Kanengo komweko, kudikira mabelo awo a fodya, kuti ine ndipeze kapepala kamene kali pakhoma apo. Ndikufuna Tadala adzakule akuona mayi ake akutuluka m'mawa ndi chikwama. Ndikufunanso adzakule akudziwa kuti akagwa, akhoza kulira "ababa" ndipo wobwerayo adziwa chochita.

Loweruka lapitali munachapa matewera, beseni lonse, ndipo munachapa bwino kuposa ine. Kenako munasuzumira kunja, munaona a landilodi ali pakhonde ndi anzawo, n'kuitana mtsikana kuti akayanike. Ndinakuonani pa windo. Mumaopa kuti azinena kuti ndinakudyetsani khuzumule. Atero ndithu, sindingakunamizeni. Anenapo kale za amuna ena ocheperapo mphamvu kuposa inu, ndipo palibe anafa nazo.

Ndikudziwa kumene mantha amenewa amachokera. Bambo anu sanaberekepo mwana kumbuyo, anganso ayi, ndipo sanali anthu oipa. Koma taganizani mmene mudzi unalili. Mayi akapita kudimba, mwana ali kwa agogo. Agogo akatopa, pali azakhali, pali achemwali, pali atsikana a pabwalo olimbirana kubereka khanda. Manja analipo ambiri moti a bambo sankasowedwa. Kuno kuseri kwa mpanda wa njerwa tilipo akuluakulu atatu, wina ndi wolembedwa ntchito, ndipo awirife timatuluka dzuwa lisanatuluke. Tinatenga mwambo wa kumudzi, koma mudziwo tinausiya.

Ndinati ndifika pa mlandu wanga. Nawu. Tsiku limene munamuveka thewera chakumbuyo ndinaseka mpaka misozi, ndinakulandani mwana, ndinaimbiranso mchemwali wanga kumufotokozera inu mukumva. Mukamudyetsa phala ndimaima pambali kukuuzani kuti supuni yadzaza kwambiri. Mukamuveka ndimamuvula n'kumuveka zina zogwirizana mtundu. Munthu amene amakonzedwa pa chilichonse amasiya kuyesa, ndipo ndaona mmene mwabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Pepani, mwamuna wanga. Inenso sindinabadwe ndikudziwa, ndinaphunzira polakwitsa, kungoti panalibe wondiona. Ndiyesetsa kutseka pakamwa. Akavala sokosi zosiyana, avale.

Komanso ndakusowani. Tikukhala ngati alonda osinthana mashifiti, wina akulowa wina akutuluka, nkhani zathu ndi za chimbudzi cha mwana, chinali chotani lero. Kale tinkayenda wapansi kukagula tchipisi pa chiwaya, kudya m'jumbo imodzi, kukanganirana kachidutswa komaliza. Tinadikira zaka 3 kuti mwanayu abwere, tikupirira mafunso a anthu pa maukwati ndi pa maliro. Walira mvula walira matope, sindikukana. Koma mtsikana amene munkadya naye tchipisi uja akadalipo, amangogona msanga.

Za funso la amayi loti wachiwiri abwera liti, muwayankhe ndinu. Muwauzeko kuti tchuthi cholipidwa cha uchembere chimaperekedwa kamodzi pa zaka 3. Zinazo tikambirana awiri, chitseko chotseka.

Tsono pempho langa ndi ili. Lachinayi likubwerali ndi tsiku la sikelo, ndipo wakwanitsa miyezi 9, akalandira katemera wa chikuku. Ine sindikagogodanso kwa abwana. Tengani tsiku limodzi pa masiku anu aja, mupite naye ndinu. Osati kundiperekeza, osati kutidikira panja pa mtengo mukuwerenga nkhani za mpira. Inu ndi iye.

Munyamuke 6:30 isanakwane, mzere umatalika msanga. Mukapeza amayi ali pa mabenchi, alangizi a zaumoyo akuphunzitsa za magulu 6 a zakudya, mwina kuimbitsa nyimbo ndi kuwomba m'manja. Muwombe nawo, palibe akakudyeni. Akakuyang'anani, ena akaseka, ena akanena kuti mkazi wa bambo awa ndi wodala. M'zipatala zina akaona bambo amamulowetsa patsogolo. Zikatero musakane, koma musanyade nazo, amayi amenewo anafika kale inu musanadzuke.

Pomukweza pa sikelo mumuvule juzi ndi nsapato. Akalira, amadana ndi kulendewera. Mufunse nambala, muone ndi maso anu pamene akuika kadontho pa mzere wa m'kabuku kake ka kusikelo, ngati wakwera kapena waima. Akamubaya mumugwire miyendo molimba, nkhope yake ili pachifuwa chanu, ndipo musatseke maso ngati mmene munachitira tsiku la katemera wa BCG. Mufunsenso tsiku la katemera wachiwiri wa chikuku, amabaya pa miyezi 15, mulilembe mu foni yanu, osati yanga. Thupi likadzatentha pang'ono patatha sabata, musadzadzidzimuke, katemera ameneyu amatero.

Sindikuimbirani foni m'mawa wonse. Ndalumbira. Ndikalephera kupirira ndikaimbira mchemwali wanga.

Kabuku kake kali m'chikwama chobiriwira, thumba la kutsogolo. Phala mukonze nokha, masupuni atatu a mgaiwa, imodzi ya nsinjiro, mtsikana akuonetsani mmene amalikondera kulimba kwake. Chitenje choberekera ndakusankhirani chabuluu chopanda maluwa chija, kuti anzanu a ku Kanengo akakumana nanu pa msewu asaseke kwambiri. Muwerame, mumugoneke pamsana, nsalu idutse pansi pa matako ake, mfundo mumange pachifuwa. Kawiri, a Phiri, amapalapata.

Ndine wanu,
Make Tadala